Buku la mapu limene linaombola wachifwamba wa panyanja

Munthu amene anakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje amadziwa, ngakhale wina asanamuuze, kuti phirili lili ndi nkhope zambiri. Ukamachokera ku Luchenza, Chambe amaoneka ngati khoma lalitali loima palokha, koma ukafika pa Chitakale khomalo limakhala litatembenuka, ndipo ukazungulira mpaka ku Phalombe umaona mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, umene munthu wa ku Muloza sauona n'komwe. Atakumanga nsalu kumaso n'kukakutsitsa penapake m'boma lino, ukhoza kudziwa pamene uli pongoyang'ana mmene nsonga za phiri zandandalikirana. Zimenezi n'zimene zinandibwerera m'mutu tsiku limene mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira ku Zomba, anabwera kutchuthi n'kundipatsa foni yake kuti ndione zithunzi za buku lina lakale. Anati, "Amalume, inu mwaphunzitsa jogalafe zaka zonsezi, tandiuzani ngati awa ndi mapu enieni kapena ndi zojambula za mwana wa pulayimale."

Funso lake linali lomveka, pakuti masambawo safanana ndi mapu amene tinkapachika pakhoma m'kalasi, aja oonetsa dziko monga mmene kabawi amalionera ali m'mwamba. Bukulo ndi la magombe a America oyang'ana kunyanja ya Pacific, ndipo linajambulidwa pamanja m'zaka za m'ma 1680 ndi William Hack, mmisiri wa mapu amene ankakhala ku Wapping, m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku London. Pa masamba ake mapiri aima chilili monga mmene munthu wokhala m'chombo amawaonera: lina lili ndi nsonga ziwiri, lina ndi lathyathyathya pamwamba, lina latsetsereka mpaka m'madzi. M'munsi mwake muli tinangula ting'onoting'ono tosonyeza pamene chombo chingaime, manambala osonyeza kuya kwa madzi, zizindikiro za miyala yobisika, ndiponso mawu ofotokoza kumene kuli madzi akumwa ndi nkhuni.

Amalinyero a nthawi imeneyo ankadziwa theka lokha la malo amene ali. Poyeza kukwera kwa dzuwa masana, kapena kwa nyenyezi usiku, ndi chipangizo chamkuwa chotchedwa astrolabe, ankatha kudziwa kuti afika pati kulowera kumpoto kapena kumwera. Koma mtunda umene ayenda chakum'mawa kapena chakumadzulo ankangoupenekera, powerengera liwiro la chombo ndi maola amene chayenda. Vutoli linali lalikulu moti mu 1714 nyumba ya malamulo ya Britain inalonjeza mphoto yofika mapaundi 20,000 kwa munthu amene angalithetse, ndipo mawotchi a John Harrison, amene anathandiza kulithetsa, anabwera patapita zaka zambiri. Choncho mtunda ukayamba kuonekera patali, moyo wa anthu onse m'chombomo unkadalira munthu mmodzi wodziwa kuyankha kuti phiri likuonekalo ndi liti. Ankaponyanso m'madzi chingwe chokhala ndi mtovu kumapeto kwake, atamata mafuta owuma kunsi kwa mtovuwo, ndipo akachikoka ankadziwa kuya kwa madzi komanso ngati pansipo pali mchenga, matope kapena zigoba za nkhono. Gombe la Peru lilinso ndi nkhungu yake, yotchedwa garúa, imene imaphimba mtunda m'miyezi yozizira monga mmene chiperoni chimachitira kwathu kuno, ndipo popeza mphepo ndi madzi a kumeneko zimalowera kumpoto, chombo chimene chaphonya doko n'kupitirira chinkavutika masiku ambiri kuti chibwerere.

Ine nyanja yamchere sindinaionepo, koma kusokera ndikukudziwa. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinatenga ana asukulu 12 n'kukwera nawo phiri kudzera ku Likhubula, mwezi wa Juni, ndipo m'chikwama changa munali mapu abwino ndithu, okhala ndi mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo, pamodzi ndi kampasi imene ndinkanyadira nayo kwambiri. Titafika pamwamba chakumasana, chiperoni chinagwa mwadzidzidzi, moti mwana amene anali patsogolo panga pomwepa ndinkangomumva mawu. Ndinatambasula mapu aja pamwala, n'kuika kampasi pamwamba pake, ndipo m'pamene ndinazindikira chinthu chimene sindinauzepo ana m'kalasi, chakuti pepala loterolo limathandiza munthu amene akudziwa kale pamene waima. Tinali ndi bambo wina wachikulire wa m'mudzi wa m'munsi, amene ndinamulemba ganyu yongonyamula ufa ndi mapoto. Atandiona ndikuzungulizazunguliza pepalalo anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu, kuti ana asamve: "Aphunzitsi, pindani pepalalo, lingonyowa chabe. Tamverani madziwo. Akakhala kudzanja lamanzere ndiye kuti tili bwino, ndipo tikafika pa mwala wong'ambika pakati, pamene pali chitsa cha mkungudza, tikhotere kumanja." Mwalawo tinaupezadi, chitsacho chinalipo, ndipo dzuwa lisanalowe tinali tikuwotha moto m'nyumba yogona alendo.

Zimene zinali m'mutu mwa bamboyo, zikalembedwa m'buku n'kuikidwamo zithunzi za mapiri ndi magombe, anthu a ku Spain ankazitcha derrotero. Buku lotero silinkachokera m'mutu mwa katswiri mmodzi wokhala mu ofesi, koma linkaunjikana pang'onopang'ono kuchokera kwa oongolera zombo a mibadwo ingapo, aliyense n'kuwonjezerapo mwala umene unatsala pang'ono kumuphwanyira chombo, kapena mtsinje umene anatungapo madzi m'chilimwe.

Mafumu a ku Spain ankadziwa bwino mtengo wa nzeru zimenezi. Atagawana dziko ndi Apwitikizi pa pangano la Tordesillas mu 1494, anakhazikitsa ku Seville mu 1503 ofesi yotchedwa Casa de Contratación, yoyang'anira malonda onse ndi maulendo onse opita ku America. Mu 1508 Amerigo Vespucci, amene dzina lake ndilo linaperekedwa ku America, anaikidwa kukhala mkulu wa oongolera zombo, ndipo ofesiyo inayamba kusunga mapu aakulu otchedwa Padrón Real, amene ankakonzedwa nthawi ndi nthawi malinga ndi zimene obwerera kuulendo ankafotokoza. Chimene ankachitchinjiriza chinali njira ya siliva. Kuyambira mu 1545, pamene phiri la Potosí, m'dziko limene lero ndi Bolivia, linadziwika kuti ndi la siliva, chumacho chinkatsikira kudoko la Arica, n'kupita pa zombo ku Callao ndi ku Panama, kenako n'kuoloka mtunda wopapatiza wa kumeneko pamisana ya nyulu mpaka ku Nombre de Dios, ndipo pambuyo pake ku Portobelo, kumene zombo zina zinkachitenga kudzera ku Havana mpaka ku Seville. Kumbali ya Caribbean adani ankafikako kawirikawiri, koma kumbali ya Pacific zombo zamalonda zinkayenda popanda mizinga yokwanira, chifukwa mpanda wawo unali wakuti mlendo sadziwa njira.

M'Chichewa anthu onse olanda zombo timangowatcha achifwamba a panyanja, koma malamulo a ku Ulaya ankawagawa pawiri. Wachifwamba wamba ankaba mwa iye yekha, ndipo akagwidwa ankanyongedwa. Mnzake, amene Angelezi ankamutcha privateer, ankayenda ndi kalata yochokera kwa mfumu kapena kwa bwanamkubwa, yomuloleza kulanda zombo za dziko limene akulimbana nalo. Katundu wolandidwayo ankayenera kukaonekera kukhoti la milandu ya panyanja, ndipo akavomerezedwa ankagawidwa pakati pa boma, anthu amene anaika ndalama zawo paulendowo, ndi amalinyero. Kwa mfumu imeneyi inali njira yomenyera nkhondo popanda kugula zombo kapena kulipira asilikali. Umu ndi mmene Mfalansa Jean Fleury anakwatulira chuma chimene Hernán Cortés, msilikali wa ku Spain amene anagonjetsa Mexico, ankatumiza kuchokera kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1520, ndiponso mmene Mdatchi Piet Heyn anagwirira zombo zonyamula siliva ku Matanzas, pachilumba cha Cuba, mu 1628. Ine ndimaona kuti kusiyanako kunali ndi tanthauzo kwa maloya okha. Wamalonda amene chombo chake chikuyaka sankafunsa ngati womuotcherayo ali ndi kalata m'thumba, ndipo anthu a ku Spain atamugwira Fleury mu 1527 anamunyonga ngati mbava ina iliyonse.

Amene ndimachita naye chidwi kwambiri pa nkhani ya njirayi ndi Mngelezi Francis Drake, chifukwa iye ankayamba wapeza munthu wodziwa njira asanaganize za chuma. Mu 1573, pamene ankafuna kubisalira nyulu zonyamula siliva pafupi ndi Nombre de Dios, amene anamutsogolera m'nkhalango anali anthu a ku Africa othawa ukapolo, amene anthu a ku Spain ankawatcha cimarrones, ndipo anali atamanga midzi yawo m'mapiri a Panama. Iwowa ndi amene ankadziwa pamene mtsinje umaolokeka ndiponso nthawi imene nyulu zimadutsa, ndipo ndi iwo amene anamukweza mumtengo wautali pamwamba pa phiri kuti aone nyanja ziwiri nthawi imodzi. Pa chiwembu chomwecho panalinso Mfalansa Guillaume Le Testu, katswiri wojambula mapu, amene anavulala n'kugwidwa ndipo anaphedwa pomwepo. Patapita zaka zochepa, Drake ananyamuka ku Plymouth mu Disembala 1577, ndipo atafika kuzilumba za Cape Verde anagwira chombo cha Apwitikizi n'kutenga woongolera wake, Nuno da Silva, pamodzi ndi mapu ake. Anayenda naye kwa nthawi yoposa chaka, kudutsa pa mpata wa Magellan, kumwera kwenikweni kwa South America, mpaka kukwera gombe lonse la Chile ndi Peru, ndipo mu Malichi 1579 analanda chombo chotchedwa Nuestra Señora de la Concepción, chimene chinali ndi matani pafupifupi 26 a siliva. Mwezi wotsatira anamutsitsa da Silva padoko la Guatulco ku Mexico, monga mmene munthu amatayira ndodo akaoloka mtsinje, n'kumusiya m'manja mwa anthu a ku Spain amene anamupanikiza ndi mafunso. Drake atafika kwawo mu Sepitembala 1580, Mfumukazi Elizabeth inalamula kuti zolemba za ulendowo zisungidwe mwachinsinsi, ndipo mu Epulo 1581 anapatsidwa ulemu wotchedwa Sir, ali m'chombo chake chomwecho ku Deptford. Chinsinsi chimene chinabedwa kwa mfumu ina chinasanduka chinsinsi cha mfumu inzake.

Buku limene mphwanga anandionetsa linabwera patapita zaka 100. Pofika nthawi imeneyo England ndi Spain anali atapangana mtendere ku Madrid mu 1670, ngakhale kuti Henry Morgan, wachifwamba wa ku Britain, anaononga mzinda wa Panama mu Januwale 1671, ndipo m'malo monyongedwa anadzapatsidwa ulemu ndi udindo wa wachiwiri kwa bwanamkubwa wa Jamaica. Mu Epulo 1680 gulu la achifwamba oposa 300, ambiri a iwo Angelezi, linaoloka wapansi nkhalango ya Darién ku Panama, motsogoleredwa ndi anthu a mtundu wa Kuna, eni dziko a kumeneko, ndipo litafika kunyanja ya Pacific linalanda zombo pafupi ndi Panama n'kusankha chachikulu, chimene anachitcha Trinity. Linali gulu lokangana: atsogoleri ankasankhidwa ndi kuchotsedwa ndi mavoti, ena anaphedwa, ena, kuphatikizapo William Dampier ndi Lionel Wafer, anapatuka n'kubwerera wapansi. Amene anatsala ndi utsogoleri anali Bartholomew Sharp.

Mu Julayi 1681, pafupi ndi gombe la dziko limene lero ndi Ecuador, Sharp anakumana ndi chombo chotchedwa El Santo Rosario, chochokera ku Callao. Nkhondo yake sinatenge nthawi, pakuti mkulu wa chombocho anaomberedwa ndipo otsalawo anagonja. M'chombomo munali vinyo, mowa waukali ndi mafuta, ndipo pansi pake panali zidutswa zikuluzikulu zachitsulo chotuwa, zokwana pafupifupi 700 malinga ndi mmodzi wa anthu amene analipo, zimene achifwambawo anaziyang'ana n'kunena kuti ndi tini wamba wosayenera kulemetsa naye chombo. Anatengapo chidutswa chimodzi chokha kuti azisungunulira zipolopolo. Koma Sharp anaona amalinyero a ku Spain akufuna kuponya m'madzi buku lalikulu, ndipo analilanda lisanagwe. Iye mwini analemba kuti eni akewo anafuula modandaula ataona bukulo lili m'manja mwake. Linali derrotero ya gombe lonse, yoonetsa madoko, mitsinje, zilumba ndi miyala, ndiponso malangizo a mmene chombo chingalowere pa doko lililonse.

Atachoka kumeneko analowera kumwera, ndipo mphepo yamkuntho inawakankhira kutali moti anazungulira nsonga ya South America osaona mtunda n'komwe, mpaka anafika ku Barbados kumayambiriro kwa 1682. Sharp atafika ku London, kazembe wa Spain, Pedro Ronquillo, anaumirira kuti aimbidwe mlandu wa uchifwamba ndi kupha, ndipo pa malamulo mlanduwo unali woonekeratu, chifukwa mayiko awiriwa sanali pankhondo ndipo panalibe kalata imene ikanalungamitsa zimene anachita. Koma bukulo linali litafika kale m'manja mwa akuluakulu a Mfumu Charles II. Mlandu unazengedwa mu Juni 1682 ku Southwark, ndipo Sharp ndi anzake anamasulidwa ponena kuti umboni sunali wokwanira. Mawu a m'bukulo anamasuliridwa m'Chingelezi ndi Philip Dassigny, William Hack anajambulanso mapu ake oposa 100, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho buku lokongola la mapuwo linaperekedwa kwa mfumu. Chaka chisanathe, munthu amene amayenera kunyongedwa uja anapatsidwa udindo wa kaputeni m'gulu la zombo zankhondo za mfumu. Khoti silinalembe kuti linamumasula chifukwa cha bukulo, koma munthu amene anakhalapo pabwalo la milandu la kumudzi, n'kuona mmene mlandu umazizirira nkhuku ikalowa kuseri kwa nyumba, sangavutike kutsatira mmene zinthu zinayendera.

Hack sanalekere pa buku la mfumu lokha, koma anajambula ena angapo n'kumawapereka kapena kuwagulitsa kwa anthu olemera ndi olamulira, ndipo ena mwa mabukuwa akusungidwa mpaka lero ku British Library ndi kunyumba yosungira zakale za panyanja ku Greenwich. Angelezi ankawatcha waggoner, dzina limene linachokera kwa Mdatchi Lucas Janszoon Waghenaer, amene buku lake la mapu a panyanja la mu 1584 linatchuka kwambiri moti dzina lake, litapotozedwa m'kamwa mwa amalinyero, linasanduka dzina la buku lililonse lotero. Basil Ringrose, mmodzi wa anthu a Sharp amene ankadziwa chinenero cha ku Spain, anajambulanso lake. Pamene tinkatembenuza masambawo pa foni, ine ndi mphwanga tinkaona mayina a Hack ndi Sharp atalembedwa mokongoletsa, ndipo ndinakumbukira bambo wa ku Likhubula uja, amene mu lipoti limene ndinalembera aphunzitsi aakulu titatsika phiri ndinangomutchula kuti "wonyamula katundu". Lipotilo linanena kuti tinapeza njira pogwiritsa ntchito mapu ndi kampasi.

Sharp sanakhalitse pa udindo wa mfumu uja. Anabwerera ku Caribbean n'kuyambiranso moyo wake wakale, ndipo anamwalira mu 1702 ali m'ndende pachilumba cha St Thomas, chimene chinkalamulidwa ndi Denmark, atakodwa m'ngongole. Ringrose anaphedwa mu 1686 pa chiwembu china ku Mexico. Mchitidwe wopereka makalata ololeza kulanda zombo unapitirira mpaka mayiko a ku Ulaya anagwirizana zouthetsa ku Paris mu 1856, ndipo chodabwitsa n'chakuti Spain, amene anavutika nawo kwa zaka zoposa 300, anakana kusaina panthawiyo, n'kudzavomereza mu 1908.

Chidutswa chachitsulo chija, chimene anatenga mu El Santo Rosario, anachisungunuladi, ndipo mbali yaikulu inathera ku zipolopolo. Chotsalacho mmodzi wa iwo anachipereka kwa munthu wina wa ku Bristol amene anakumana naye ku Antigua, ndipo munthuyo anazindikira kuti chinali siliva wosayengeka, n'kukachigulitsa ku England. Zidutswa zina zonse zija anali atazisiya m'chombo chimene anachileka chikuyandama pafupi ndi gombe la Ecuador.